Ciwembu: mau a pa kona ndi mau a m'khoti

Mu Garden mau akuti ciwembu sacedwa kutuluka. Wowocelera mageti m'mbali mwa mseu wa Katima Mulilo akaona kuti makasitomala athawira kwa mnzake, amati am'pangira ciwembu. Timu ikaluza, ndiye kuti lefali anadya ndalama. Pa kona, ciwembu cimatanthauza kuti zinthu zandiipira ndipo pali anthu amene anakhala kumbali n'kundikonzera. Umboni palibe amene amaufunsa.

Lamulo nalonso lili ndi ciwembu cake, koma limayambira kwina. Mu Penal Code, yomwe ndi Caputala 87 ca malamulo a Zambia, ciwembu ndi pangano la anthu awiri kapena ambiri lakuti acite mlandu. Cigawo 394 cimati wopangana ndi mnzake kucita mlandu waukulu angathe kukhala m'ndende zaka 7. Ngati panganolo ndi lakupha munthu, cigawo 219 cimaika zaka 14. Sitolo ingakhale kuti siinathyoledwe, munthu uja angakhale kuti akali moyo, koma mlandu ulipo kale, cifukwa mlanduwo ndi kugwirizana kwenikweniko. Apa lamulo ndi lolimba kuposa pa kona. Koma lilinso ndi cimene pa kona palibe: boma liyenera kutsimikiza pamaso pa woweruza kuti munthu aliyense payekha analowadi m'panganolo.

Mlandu umene unaonetsa mbali ziwirizi bwino unayambira pafupi ndi Lusaka. Pakati pa October 1980, kutatsala masiku ocepa kuti dziko likondwerere zaka 16 za ufulu, asilikali analowa pa famu ina ku Chilanga ndipo anaomberana ndi gulu la amuna okhala ndi mfuti, ambiri a iwo ocokera ku Zaire. Boma la a Kenneth Kaunda linalengeza kuti lagwira ciwembu colanda boma, ndipo anthu a m'matauni analetsedwa kuyenda usiku. Amene anamangidwa sanali anthu wamba. Panali a Edward Shamwana, loya wochuka amene ankaweruzanso milandu ku High Court, a Valentine Musakanya, amene anakhalapo mlembi wa nduna za boma komanso mkulu wa Bank of Zambia, a Mundia Sikatana, a Godfrey Miyanda, ndi a Deogratias Symba a ku Zaire.

Boma silinagwe, ndipo a Kaunda sanakhudzidwe ngakhale cala. Tsono khoti linayenera kufufuza za pangano: ndani anakumana ndi ndani, anakambirana ciani, ndalama zogulira mfuti ndi magalimoto zinacokera kuti. Vuto la milandu yotere n'lakuti ciwembu sicipangidwira pa msika. Amene amadziwa za mkati ndi amene anali mkatimo. N'cifukwa cake mboni yaikulu ya boma inali a Christopher Kabwe, mkulu wa asilikali a ndege, amene anamangidwa pamodzi ndi anzawo kenako n'kumasulidwa kuti apereke umboni. Makhoti amacenjera ndi mboni yotere, popeza munthu wofuna kupulumutsa khosi lake angathe kunamizira mnzake, ndipo amafunafuna umboni wina woicirikiza.

Mu January 1983 woweruza Dennis Chirwa anagamula kuti anthu 7 anyongedwe pa mlandu woukira boma, pakati pao a Shamwana ndi a Musakanya. A Sikatana ndi a Miyanda sanapezeke ndi mlandu. Mu 1985 Supreme Court inamasula a Musakanya cifukwa umboni wowamanga sunakwane, koma cigamulo ca a Shamwana inacisiya momwemo. Iwo sananyongedwe, ndipo anatuluka m'ndende mu 1990 a Kaunda atawakhululukira. M'maso mwa anthu onsewa anali gulu limodzi. Khoti, ngakhale pa nthawi ya cipani cimodzi, linawapatula mmodzimmodzi.

Pambuyo pake mau awa akhala akubwerabwera m'ndale zathu, ndipo kawirikawiri kunena kunali kosavuta kuposa kutsimikiza. Mu 1996 atsogoleri a UNIP, pamodzi ndi Mfumu Inyambo Yeta, anaimbidwa mlandu woukira boma pa nkhani ya mabomba a Black Mamba, koma khoti linawamasula. Captain Solo atalankhula pa wailesi pa 28 October 1997, a Kaunda anamangidwa pa tsiku la Khirisimasi ndi kuimbidwa mlandu wakuti ankadziwa za ciwembuco koma sanaulule. Mu June 1998 boma linausiya mlanduwo. A Hakainde Hichilema nawonso anakhala m'ndende miyezi inai mu 2017 pa mlandu woukira boma umene unatha osazengedwa.

Anthu amenewa anali ndi maloya ndi manyuzipepala. M'komboni, ciwembu ca pa kona cikapsa mtima sicidikira loya. Kuciyambi kwa 2020, nthawi ya magasi, mphekesera inkathamanga pa WhatsApp yakuti pali gulu lopopera mankhwala m'nyumba za anthu usiku. Anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu okwiya m'madera osiyanasiyana a dziko, ena cifukwa cabe cakuti nkhope yao inali yacilendo kapena ananyamula cikwama. Funso limene a Musakanya anapulumukira nalo, lakuti umboni uli kuti, palibe anawafunsira.

Mbali inayo ikukhudza mnyamata amene amaganiza kuti ali bwino cifukwa iye sanagwire kanthu. Anzake akonza zothyola kantemba kapena kulanda foni usiku, iye wavomera kuima pa kona n'kuimba mluzu apolisi akabwera. Pa lamulo iye walowa kale. Ndipo zikacitikadi, cigawo 22 ca Penal Code cimati anthu akagwirizana pa colinga coipa, mlandu umene ungayembekezeke kutuluka m'colingaco ndi wa onse. Mnzako akabaya mlonda ndi mpeni, iwe wa mluzu ungathe kuyankha nao mlandu womwewo. Kumva cabe anthu akukamba sikukupanga wa ciwembu, kuvomera ndiko kumakulowetsa. Pa mlandu woukira boma, ngakhale kudziwa n'kukhala cete ndi mlandu.

Tsono mau amodzi awa akutipempha zinthu ziwiri zosiyana. Tikamaloza mnzathu cala kuti wapanga ciwembu, tizicedwa, cifukwa ngakhale boma lokhala ndi apolisi ndi maloya lalephera kangapo kucitsimikiza. Koma anzathu akatiitana kumbali kuti pali plani, tizifulumira kukana, popeza m'khoti ka "inde" kamodzi ka pa kona n'kokwanira.