Chigumu: Keke Wobadwira Mumphika

Pali anthu ena amene akaona chigumu amangoti ndi keke wa amphawi, chinthu chimene amayi akumudzi anatulukira poyesa kutsanzira azungu koma osakwanitsa. Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo. Tikalondola kumene ufa, shuga, soda ndi moto wake zinachokera, tipeza kuti chigumu ndi luso la amayi athu, ndipo mbiri yake yadutsa pakhomo pathu pomwe, kuno ku Ntcheu.

Tiyambire kale, shuga wa m'paketi asanabwere. Angoni a Maseko atakhazikika kuzungulira phiri la Domwe cha m'ma 1870, anapeza Achewa ndi Antumba akulima mapira, mawere ndi chimanga, mbewu yochokera ku America imene inafika kuno kudzera mwa Apwitikizi. Zotsekemera za masiku amenewo zinali uchi, misale, nzimbe, nthochi zakupsa ndi thobwa lokometsedwa ndi chimera. Analiponso mkate: nthochi zosinja pamodzi ndi ufa, kukulunga m'masamba a nthochi n'kuphika m'madzi, kamba wa munthu wapaulendo. Ndiye kusakaniza nthochi ndi ufa sitinachite kuphunzira kwa mlendo ayi. Chimene chinalibeko ndi kuwotcha mtanda mpaka ufufume.

Kufufumitsako kunabwera ndi amishoni, ndipo boma lathu linawalandira msanga. A Livingstonia ochokera ku Scotland anatsegula mishoni ku Livulezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1880. A Baptist, nawonso a ku Scotland, anakhala ku Gowa m'zaka za m'ma 1890. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, mishoni yoyamba ya chipani chawo m'dziko muno. Anthuwa anabwera ndi tiyi, ufa wa tirigu, soda ndi chizolowezi chodya buledi m'mawa. Dzina loti sikono silibisa kwawo, ndi lija la Askotishi, lilime lathu langoliwongola. Mandasi nawo dzina lawo ndi la Chiswahili, lochokera kugombe la nyanja ya mchere kumene kunkalowera njira zamalonda.

Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko sikanafike m'manja mwa aliyense. Oyamba kugwira uvuni anali abambo, akhukhi a m'nyumba za amishoni, za abwanamkubwa ndi za eni maesiteti, ena mpaka ku Salisbury, Bulawayo ndi ku Joni. Akabwerera kumudzi ankabwera ndi nzeru ya maphikidwe, koma uvuni unkatsala kwa bwana. Tirigu wodula, batala kulibe, shuga wochita kugula kwa Mmwenye pang'onopang'ono. Atsikana ophunzira zapakhomo kumishoni vuto lawo linali lomwelo: aphunzira kukanda mtanda, koma kwawo kuli mafuwa atatu basi.

Apa ndi pamene nzeru inagwira ntchito. Pamalo pa tirigu, amayi anaika mgaiwa, ufa umene unachuluka zigayo zitafalikira m'midzi. Pamalo pa mazira ndi batala anaika nthochi zakupsa mpaka khungu kuda, chifukwa zimatsekemeretsa, zimamata ufa, komanso zimathandiza soda kufufumitsa. Sodayo sanali wachilendo kwenikweni kwa anthu odziwa kutcheza chidulo cha therere. Nanga uvuni? Mphika kapena poto wopaka timafuta, makala ochepa pansi, makala ambiri pamwamba pa chivundikiro, kaya ndi chidutswa cha lata. Ukachulutsa moto wapansi, chipsereza pansi m'kati muli phala. Ukachulutsa soda, chimafiira n'kumawawa. Muyezo wake suli m'buku, uli m'dzanja ndi m'mphuno. Kuti udziwe ngati chapsa, umabaya ndi mpeni. Ukatuluka wouma, phula. Abale ake a chigumu, chikondamoyo ndi zitumbuwa zokazinga m'mafuta, anabadwa ku nzeru yomweyi.

Shuga anadzachuluka pambuyo pa ufulu. Fakitale ya Sucoma ku Nchalo inayamba kupanga shuga mu 1966, ya ku Dwangwa inatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo a Illovo anagula zonsezi mu 1997. Shuga atafika m'magolosale a kumudzi, tiyi wam'mawa anakhala wa aliyense, ndipo tiyi amafuna chomwera. Beseni la zigumu ndi mandasi linayamba kuoneka pageti pa sukulu, pachigayo, pabwalo la mpira ndi m'misika ya mumsewu wa M1: pa Lizulu, pa Tsangano Turn-off, pa Boma, pa Kampepuza. Ndi angati mwa ife amene yunifolomu yathu, makope athu ndi fizi zinatuluka m'beseni limenelo? Masiku ano mpamba wake amayi ambiri amautapa kubanki m'khonde, koma malonda ake ndi omwe aja.

Chodabwitsa n'chakuti Ntcheu ndi amodzi mwa maboma ochepa kumene tirigu amalola. Kumapiri ozizira a Tsangano, kwawo kwa mbatata ya kachewere ndi kabichi, alimi akhala akulima tirigu kwa zaka zambiri. Koma ndi wochepa zedi, moti pafupifupi ufa wonse wa buledi ndi mandasi m'dziko muno umachokera ku tirigu wogula kunja ndi madola. N'chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022, mayi wa mandasi pa Lizulu anaimva m'thumba. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mandasi anayamba kuchepa msinkhu mtengo ukukwera, ena mpaka ongomeza kamodzi.

Chigumu nachonso chinakwera, poti chimanga, shuga ndi makala sizinasiyidwe. Komabe thupi lake lonse limachokera m'nkhokwe ndi kudimba. Shuga akasowa, monga zinachitikira mu 2024, umangowonjezera nthochi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, abale.

Lero pazinkhoswe ndi pamaukwati timaika keke wa nsanjika, wopaka zoyera, wodula kuposa mbuzi, ndipo ana athu ambiri m'tauni adziwa makapukeke koma sanaonepo makala ali pamwamba pa chivundikiro. Keke si woipa ayi, ndipo atsikana ambiri akudzidalira naye. Nkhawa yanga ndi yakuti maphikidwe a keke ali ponseponse, m'mabuku ndi pa foni, pamene a chigumu ali m'manja mwa azimayi amene akukalamba. Ngati kwanu kudakali agogo kapena azakhali odziwa moto wake, gulani nthochi, zisiyeni zide, ndipo mukakhale nawo pafupi ndi mafuwa tsiku lonse. Musakafunse kuti makapu angati, adzakusekani. Mukangoyang'ana dzanja.