Kudikira n'kwina, kuyembekezera n'kwina

Mvula yodzalira ikagwa paphiri la Zomba, mtsinje wa Mulunguzi umayamba kulindima, ndipo kumunsi kuno m'matchalitchi chilankhulo chimasintha. Ku Katedralo ya Mtima Woyera ansembe amavala zofiirira, nyimbo ya Ulemu imayamba yapumula, ndipo timauzidwa kuti talowa mu Adiventi, nyengo yoyamba Lamulungu lachinayi tisanafike pa Khirisimasi. Dzinali tidabwereka ku Chilatini, adventus, ndiye kuti kufika. Koma mawu osenza nyengo yonseyi ndi athuathu: chiyembekezo.

Minibasi timaidikira padepoti, manja ali m'thumba. Mayi wapakati sitimuti wodikira, timamuti woyembekezera. Mwanayo sanamuone, koma wagula kale beseni, wachapa zitenje n'kuzipinda, wasunga ndi kandalama ka ulendo wa kuchipatala pamfundo ya nsalu. Mimba yasintha kadyedwe kake, kayendedwe kake, tulo take. Maria amene timamva za iye m'masiku omaliza a Adiventi ndi mayi wotere, ndipo ine ndimaona kuti apa Chichewa chidalongosola chiphunzitso bwino koposa ulaliki wambiri.

Koma Disembala, momwe timakhala mu Adiventi, kwathu ndi mwezi wowawa. Chimanga changomera kumene, nkhokwe zapepuka, ambiri akusiya minda yawo kukapalira ya eni pa ganyu. Mayina a anthu otere sitisowa. Mmphawi ndi wopanda chuma. Wosauka ndi dzina lozama, pakuti kusauka n'kuzunzika, kwa thupi ndi mtima womwe. Masiku ano pamisonkhano timakonda kunena kuti “ovutika” kapena “ochepekedwa”, mwaulemu ndithu, koma ndimaopa kuti ulemuwo nthawi zina umabisa njala.

Kupereka nakonso kuli ndi mayina ake. Mtulo, chakhumi ndi chopereka cha Lamulungu zimayendetsa mpingo. Zachifundo zimatuluka kunja kwa mpanda wa tchalitchi: amayi a Mvano a CCAP kukazonda odwala atasenza ufa ndi sopo, a bungwe la Vinsenti wa Paulo, lomwe lidayambira ku Paris mu 1833, kukafolera denga lodontha la gogo. Kuyambira 2017 Akatolika amakumbukiranso Tsiku la Osauka, lomwe Papa Francis adaliika patatsala masabata awiri kuti Adiventi iyambe.

Komabe mawu amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi mphakati, kagulu ka mabanja oyandikana kopempherera m'makomo. Kumphakati wosauka ali ndi nkhope. Anthu akumeneko amadziwa kuti ndi mayi uja amatsika m'phiri m'mamawa, mtolo wa nkhuni wautali kuposa iye mwini uli pamutu, nkhata itanyowa ndi mvula. Amadziwanso kuti mwana wake wamkazi ali woyembekezera, ndi kuti beseni sanagule.