Ka TV kakang'ono: kuchipinda, kukhitchini kapena patebulo? Werengani musanatulutse ndalama

Achinyamata ambiri pa Ntcheu boma, pa Lizulu, pa Kampepuza ngakhale pa Tsangano akangoyamba kugwira kandalama, kaya ndi ka mbatatesi, ka kabaza kapena malipiro oyamba, maso amathamangira pa TV yopyapyala ija ambiri timangoti pulasima. Vuto ndi loti nyumba zambiri za lendi ndi za chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo chiyambire pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja sagulidwa mwachibwana. Ukalakwitsa kugula, kubwereranso kushopu si lero. Nazi zofunika kudziwa.

Kodi "yaing'ono" ndi iti?

Kukula kwa TV amakuyeza m'mainchi, kuchokera pa kona ya pansi kukafika pa kona ya pamwamba ya mbali inayo, osati m'lifupi ayi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Ndiye ya mainchi 19 ndi masentimita 48, ya 24 ndi 61, ya 32 ndi 81. M'lifupi, sikirini ya mainchi 24 imatenga masentimita pafupifupi 53, pomwe ya 32 imatenga 71. Musanapite kogula, yezani malo omwe mukufuna kuiika, ngakhale ndi chingwe, ndipo chingwecho mupite nacho.

Pabokosi mupezanso mawu oti HD kapena Full HD. Ma TV ang'onoang'ono ambiri ndi a HD, kutanthauza timadontho 1366 m'lifupi ndi 768 m'litali. Full HD ndi 1920 ndi 1080. Poonera mpira muli chapatali kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni, koma mukakhala pafupi n'kumawerenga zilembo kumaonekeratu.

Kuchipinda: apa ndiye pake

Lamulo losavuta ndi ili: mtunda wa pakati pa maso anu ndi sikirini ukhale kuwirikiza kamodzi ndi theka mpaka kawiri ndi theka kukula kwa TV. Ya mainchi 24 imakoma mukakhala pa mtunda wa mita imodzi mpaka mita ndi theka. Ya 32 imafuna mita ndi theka mpaka mamita awiri. Ngati bedi ndi khoma zatalikirana mamita awiri, ya 19 ikuvutani: mawu olembedwa pansi pa filimu ndi zigoli za pakona muziwerenga motsinzina.

Yang'ananinso khoma. Ka TV kotere n'kopepuka, makilogalamu ochepa chabe, koma khoma la zidina siligwira bwino zomangira, zimasukusa pang'onopang'ono mpaka tsiku lina mudzapeza kali pansi. Khoma la njerwa zowotcha lopakidwa simenti ndiye lodalirika. Ngati muli pa lendi, yambani mwafunsa alandilodi musanaboole, apo ayi ikani pa kashelefu kolimba.

Chinanso, ma TV otchipa ambiri amada kapena kusintha mtundu mukamaonera muli m'munsi mwake. Mukaipachika pamwamba kwambiri inu mutagona pabedi, nkhope za anthu zizioneka ngati mithunzi. Iikeni molingana ndi maso, kapena mugule chopachikira chomwe chimaweramira kutsogolo.

Kukhitchini: ganizani kawiri

Makhitchini amene mumaona m'mafilimu, a matailosi ndi chitofu cha magetsi, si omwe ambiri tili nawo kuno. Kwathu kuno timaphikira nkhuni kapena makala pa mbaula, kawirikawiri m'kanyumba kapadera kuseri. Utsi, mwaye, nthunzi ya nsima ndi mafuta okazingira chipisi zimalowa m'timabowo topumira ta kumbuyo kwa TV n'kukamata mkati. Mapeto ake imatentha, sikirini imachita chifunga, kenako yazima osadzukanso. Kukhitchini kotere wailesi kapena foni ndi zokwanira.

Ngati mumaphikira magetsi kapena gasi m'nyumba momwemo, ya mainchi 19 kapena 22 ikhoza kukhala, bola italikirane ndi moto komanso madzi, ndipo pakhale zenera lotulutsa nthunzi. Musailumikize pa ekisitenshoni imodzi ndi hotipuleti kapena ketulo. Zophikira zimenezi zimakoka magetsi ambiri, mawati 1,000 kapena kuposa, ndipo tima ekisitenshoni totchipa timasungunuka.

Patebulo: TV kapena monita?

Ophunzira, komanso anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi, amakonda kulumikiza TV ku laputopu ndi chingwe cha HDMI. Zimatheka ndithu. Koma patebulo mumakhala pafupi, mtunda wa mkono umodzi basi, ndiye ya mainchi 22 kapena 24 ndiyo malire. Ya 32 ya HD ikakhala pamphuno, zilembo zimaoneka zamanomano ndipo maso amatopa msanga.

Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kulemba, kuwerenga manotsi kapena kukonza zithunzi, funani Full HD, kapena mungogula monita ya kompyuta. Monita imaonetsa zilembo bwino, koma yambiri ilibe rimoti, ilibe polowetsa eriyo, ndipo ina ilibe masipika. Ngati mukufuna chimodzi chogwira zonse, masana sukulu madzulo mpira, TV ya Full HD ya mainchi 24 ndiyo yapakati. Osewera magemu afufuze ngati ili ndi Game Mode, yomwe imachepetsa kuchedwa kwa chithunzi mukadina batani.

Nkhani ya magetsi

Apa ndi pomwe ka TV kakang'ono kamapambana. Ya LED ya mainchi 19 mpaka 24 imadya mawati apakati pa 15 ndi 30, pomwe zakale zija zotupa kumbuyo zinkadya kuwirikiza katatu kapena kuposa. Tiwerengere limodzi: ya mawati 25 ikayaka maola 5 patsiku kwa masiku 30, yadya mayunitsi a ESCOM osakwana 4 pamwezi.

Midzi yambiri m'boma lino ilibe magetsi a ESCOM, ndipo amene ali nawo sanaiwale mdima wa 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. N'chifukwa chake TV yolandira mavoti 12 mwachindunji, yolembedwa DC 12V kumbuyo, ndi yamtengo wapatali kuno. Imalumikizidwa ku batire ya sola popanda inveta, yomwe nayo imadyako moto. Batire ya mavoti 12 ndi 40Ah imasunga mawati-ola 480, koma ngati ndi ya asidi musamaitsitse kupyola theka, imafa msanga. Theka limenelo likhoza kuyendetsa TV ya mawati 25 kwa maola pafupifupi 9, ngati simunalumikizeko china. Kumbukirani kuti dekoda nayo imadya, komanso m'miyezi ya June ndi July, chifunga chikakuta mapiri a ku Tsangano ndi Lizulu, sola sadzaza batire ngati mu October.

Amagetsi a ESCOM, gulani TV guard. Magetsi akamabwera atazima, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyeso. Nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi komanso chingwe cha eriyo kapena dishi.

Muzionera chiyani?

TV payokha ndi galasi chabe. Malawi inasamukira ku kaulutsidwe ka digito kotchedwa DVB-T2, komwe kamayendetsedwa ndi Malawi Digital Broadcast Network Limited, eni dekoda ya Kiliye Kiliye. Kudzera kumeneko ndi komwe anthu amaonera makanema a m'dziko muno monga MBC, Times ndi Zodiak. Ntcheu ndi dera la mapiri ndi zigwa, siginolo ya eriyo imasiyana mudzi ndi mudzi, choncho funsani aneba zomwe zimagwira kwanuko musanagule. Komwe eriyo ikukanika, dishi ya DStv kapena Azam ndiyo njira, koma muwerengeretu zolipira mwezi ndi mwezi.

Smart TV imafuna intaneti. Kuonera filimu yooneka bwino kwa ola limodzi kukhoza kumaliza gigabaiti yathunthu kapena kuposa. Ngati bandulo yanu ya Airtel kapena TNM ndi ija yongokwanira WhatsApp ndi Facebook, musalipire ndalama zoonjezera chifukwa cha dzina loti smart. TV wamba yokhala ndi polowetsa fulashi ikukwanirani.

Pogula, chitani izi

Iyatseni pomwepo musanalipire. Onetsani chithunzi choyera, kenako chakuda, muone ngati pali timadontho takufa kapena mizere. Tengani fulashi yanu muyese ngati ikusewera mafilimu, mawu ndi chithunzi zonse. Kwezani voliyumu mpaka kumapeto, chifukwa masipika a ma TV ang'onoang'ono ndi ofooka, ndipo mvula ikamagwa pa malata simumva kanthu. Werengani malo olowetsa HDMI: awiri ndi abwino, wina wa dekoda wina wa laputopu.

Onaninso pulagi. Masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Katundu wochokera ku Joni kapena wodutsa malire kuchokera ku Mozambique amabwera ndi mano ozungulira, ndiye gulani adaputa yabwino m'malo mokanikiza mawaya ndi kamtengo. Pomaliza, tengani risiti yolembedwa mtundu wa TV, nambala yake ndi miyezi ya waranti. Wogulitsa akakana kukuthandizani pa katundu wosagwira ntchito, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo risiti ndiye mboni yanu.

Mwachidule: kuchipinda tengani ya mainchi 24 kapena 32 malinga ndi mtunda, patebulo ya 22 kapena 24 ya Full HD, kukhitchini ya makala ayi ndithu. Ndipo ngati kwanu magetsi ndi a sola, yambani mwatembenuza TV muone ngati kumbuyo kwalembedwa DC 12V, mtengo mufunse pambuyo.