Abu al-Fida: Mfumu ya ku Hama Yomwe Inkalemba Mabuku

Mwana wobadwira kothawa nkhondo

Ku Syria kuli mzinda wotchedwa Hama. Mzindawu uli m'mphepete mwa mtsinje wa Orontes. Umadziwika ndi mawilo akuluakulu amatabwa amene amazungulira okha ndi mphamvu ya madzi, ndipo kale ankatungira madziwo m'ngalande zopita kuminda ndi kunyumba za anthu. Zaka 700 zapitazo mzindawu unkalamulidwa ndi mfumu ina dzina lake Abu al-Fida.

Abu al-Fida sanabadwire ku Hama. Anabadwira ku Damascus m'chaka cha 1273. Nthawi imeneyo kunamveka mphekesera yoti ankhondo a mtundu wa Mongol akubwera. Ankhondowa anali atawononga kale mzinda wa Baghdad mu 1258, choncho aliyense akangomva dzina lawo ankamanga katundu. Bambo ake a Abu al-Fida nawo anatenga banja lawo n'kuthawira ku Damascus, ndipo mwanayo anabadwira komweko. Dzina limene makolo anamupatsa ndi Ismail.

Banja lake linali lachifumu. Mfumu ya ku Hama inali mchimwene wa bambo ake. Onsewa anali a mtundu wa Ayyub, bambo wa Saladin, mtsogoleri wotchuka uja amene analanda Jerusalem mu 1187. Makolo awo akale anali Akurdi, koma pofika nthawiyi banjali linali litakhala mibadwo ingapo pakati pa Aluya. Linkalankhula ndi kulemba Chiarabu.

Ufumu wotsala dzina

Kale mbumba ya Ayyub inkalamulira Egypt ndi Syria. Mafumu ake ankagula anyamata ngati akapolo, n'kuwaphunzitsa usilikali. Asilikaliwa ankatchedwa a Mamluk. Mu 1250 akapolo aja anatembenukira ambuye awo n'kulanda ufumu ku Egypt, ndipo patapita zaka 10 anatenganso Syria. A ku Hama okha ndi amene anawasiya pampando kwa nthawi yaitali, koma movomera kuti mkulu wawo ndi sultan wa ku Cairo.

Ndiye Abu al-Fida anakula akudziwa kuti mpando wa kwawo uli m'manja mwa ena. Anaphunzira Korani, malamulo a Chisilamu, ndakatulo ndi masamu. Mmodzi mwa aphunzitsi ake anali Ibn Wasil, woweruza milandu wa ku Hama, amenenso ankalemba mbiri yakale. Anaphunziranso kukwera hatchi ndi kuponya mivi.

Kunkhondo ali mnyamata

Ali ndi zaka pafupifupi 12, mu 1285, anapita kunkhondo koyamba pamodzi ndi bambo ake. Sultan Qalawun ankazinga linga la Marqab, momwe munali asilikali achikhristu ochokera ku Ulaya. Mu 1289 anali nawonso pamene mzinda wa Tripoli unagwa.

Koma nkhondo imene anaifotokoza bwino kwambiri ndi ya ku Acre mu 1291. Acre unali mzinda waukulu womaliza wa asilikali a ku Ulaya m'dera limeneli. Gulu la ku Hama linapatsidwa ntchito yonyamula chida chachikulu choponyera miyala pa makoma a mzinda. Ganizirani legeni yamatabwa yaitali kuposa nyumba. Chidachi anachiphwasula n'kuchikweza m'ngolo 100 zokokedwa ndi ng'ombe. Abu al-Fida, yemwe anali asanakwanitse zaka 18, ankayang'anira ngolo imodzi ndi anthu 10.

Inali nyengo yozizira. Mvula inkagwa, matalala ankagwa, ng'ombe zina zinafa ndi chisanu panjira. Ulendo woti wapahatchi angauyende masiku 8 unawatengera mwezi wathunthu. Atafika ku Acre, asilikali a ku Hama anaikidwa mbali ya kunyanja, kumene adani ankawaponyera mivi ndi miyala kuchokera m'zombo. Usiku wina adaniwo anatuluka mumzinda kudzawaukira, koma mumdimamo anakodwa ndi zingwe za matenti. Mzinda unagwa pa 18 May.

Zimenezi tikuzidziwa chifukwa iye mwini anazilemba. Olemba ambiri a nthawi imeneyo ankangotamanda sultan ndi kuwerenga adani ophedwa. Uyu anakumbukira ng'ombe zofa ndi mavuto okoka ngolo, chifukwa analipo.

Mpando utayika, mpando ubwerera

Mu 1299 mfumu ya ku Hama, yemwe anali mwana wa bambo aakulu a Abu al-Fida, inamwalira. Akuluakulu a ku Cairo sanaike wina wa m'banjamo. Anatumiza bwanamkubwa wawo. Abu al-Fida anakhala msilikali waudindo chabe pansi pa anthu obwera, mumzinda wa makolo ake, kwa zaka zoposa 10.

Sanapanduke. Anamamatira kwa al-Nasir Muhammad, mwana wa Qalawun, sultan amene anachotsedwa pampando kawiri konse. Al-Nasir atabwerera kachitatu, sanamuiwale. Mu 1310 anamupatsa Hama kuti ayang'anire. Mu 1312 anamupatsa dzina laufumu. Mu 1320 awiriwa anapitira limodzi ku Haji ku Mecca, ndipo pobwerera al-Nasir anamulola kuti nayenso azitchedwa sultan, dzina lake laufumu likhale al-Malik al-Muayyad.

Tisanamizane: ufumu umenewu unali wobwereka. Abu al-Fida ankayenda pafupipafupi ulendo wautali wopita ku Cairo atanyamula mphatso, ndipo ankatumiza asilikali nthawi iliyonse imene sultan wawafuna. Wina anganene kuti anali mfumu yogonjera. N'zoona. Komabe kugonjera kwakeko kunapatsa anthu a ku Hama zaka 21 za bata, pa nthawi imene akuluakulu ambiri ankathera m'ndende kapena kuphedwa. Anamanga mzikiti m'mphepete mwa mtsinje, ndipo ankasunga anthu ophunzira pakhomo pake. Mlakatuli Ibn Nubata ankalandira thandizo kwa iye.

Buku la mbiri yakale

Pakati pa maulendo ndi milandu, mfumuyi inkakhala pansi n'kulemba. Buku lake loyamba lotchuka ndi al-Mukhtasar fi Akhbar al-Bashar. Ndi mbiri ya anthu mwachidule, kuyambira pa Adamu mpaka chaka cha 1329. Zambiri zakale anazitenga m'buku lalikulu la Ibn al-Athir n'kuzifupikitsa. Zatsopano zenizeni zili kumapeto, pamene akusimba zimene anaona ndi maso ake.

Buku la mayiko

Buku lachiwiri ndi Taqwim al-Buldan, limene analimaliza mu 1321. Ili ndi buku lofotokoza mayiko, nyanja, mitsinje, mapiri ndi mizinda. Anagawa dziko lodziwika nthawi imeneyo m'zigawo 28. Pa chigawo chilichonse anajambula mizere ndi mabokosi. M'bokosi lina analembamo dzina la mzinda, m'lina katchulidwe kake kolondola, m'lina manambala osonyeza pamene mzindawo uli. Analembanso dzina la buku limene watengamo manambalawo. Mabuku akale akasiyana, ankaika zonse pafupi kuti wowerenga aone yekha kusiyanako.

Mayiko ambiri sanawapondemo. Ankadalira mabuku a anthu monga al-Biruni, al-Idrisi ndi Ibn Said, komanso ankafunsa amalonda ndi apaulendo. Za m'mphepete mwa nyanja ya kum'mawa kwa Africa zilimonso, monga mzinda wa Mogadishu.

Tsiku losowa

M'bukuli muli funso lina losangalatsa. Abu al-Fida ankadziwa kuti dziko ndi lobulungira. Ndiye anati tiyerekeze kuti pali anthu atatu pamalo amodzi. Mmodzi atsale. Wachiwiri alowere kum'mawa, wachitatu kumadzulo, ndipo onse awiri azungulire dziko lonse mpaka kubwerera pomwe anachokera. Aliyense aziwerenga masiku ake.

Kodi masiku awo adzafanana? Iye anati ayi. Wolowera kum'mawa akupita kukakumana ndi dzuwa. Tsiku lililonse dzuwa limamutulukira mofulumirako pang'ono, choncho masiku ake ndi aafupi. Pobwerera adzakhala atawerenga tsiku limodzi loposa la mnzake wotsala uja. Wolowera kumadzulo akutsatira dzuwa. Masiku ake ndi aatali pang'ono, ndipo pobwerera adzapeza kuti tsiku limodzi lamuperewera.

Pamene ankalemba izi panalibe munthu amene anali atazungulirapo dziko. Zinaoneka patapita zaka 200. Mu 1519 zombo za Ferdinand Magellan zinanyamuka ku Spain kulowera kumadzulo. Mu 1522 chombo chimodzi chotsala chinafika pa zilumba za Cape Verde chikubwerera kwawo. Amalinyero ankati ndi Lachitatu. Anthu apamtunda anawauza kuti ndi Lachinayi. Anadabwa kwambiri, chifukwa anali atalemba tsiku lililonse osadumphitsa.

Imfa yake ndi zotsatira

Abu al-Fida anamwalira ku Hama mu October 1331, asanakwanitse zaka 58. Anaikidwa pa mzikiti umene anamanga yekha. Mwana wake al-Afdal Muhammad analowa m'malo mwake, koma mu 1341 sultan al-Nasir atamwalira, a ku Cairo anamuchotsa. Ufumu wa mbumba ya Ayyub ku Hama unathera pomwepo.

Mabuku aja anapitirira kukoperedwa pamanja, kenako anafika ku Ulaya. Mu 1650 John Greaves anasindikiza mbali ina ya buku la mayiko ku London. Mu 1723 Jean Gagnier anasindikiza ku Oxford gawo la buku la mbiri yakale lofotokoza moyo wa Mtumiki Muhammad, ndipo kwa zaka zambiri ophunzira a ku Ulaya ankadalira gawo limeneli. Buku lonse la mayiko linasindikizidwa m'Chiarabu ku Paris mu 1840. Akatswiri a zakuthambo anatcha limodzi mwa maenje akuluakulu a pamwezi dzina lake, Abulfeda.