Malungo a mbalame: matenda omwe sagwira anthu

Mvula ikayamba mu Novembala, udzudzu umachuluka ku Fingoé ndi m'midzi yonse ya boma la Marávia, ndipo odwala malungo amadzaza m'zipatala. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti njiwa, mpheta, nkhwali ndi pumbwa nazonso zimadwala malungo awo. Tizilombo take ndi pachibale ndi timene timadwalitsa anthu, koma si timodzi.

Tizilombo ta m'magazi a mbalame tili m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi chouluka cholinyamula. Gulu la Plasmodium limafalitsidwa ndi udzudzu, makamaka wa mtundu wa Culex, umene umakonda kuswana m'madzi onyansa oima. Gulu la Haemoproteus limanyamulidwa ndi timantchentche toluma tating'onoting'ono ndi ntchentche zobisala mu nthenga. Gulu la Leucocytozoon limafala kudzera mu timantchentche takuda toswana m'madzi oyenda a m'mitsinje.

Kafukufuku wapafupi ndi kwathu kuno anachitika kumpoto kwa Malawi, ku Vwaza ndi ku Nyika. Holly Lutz ndi anzake, amene anafalitsa zotsatira mu 2015, anayeza magazi a mitundu 152 ya mbalame. Pa mbalame 100 zilizonse, 79 zinapezeka ndi tizilomboti. Anapeza mafuko 248 a tizilombo, ndipo 201 mwa amenewa anali asanalembedwepo kulikonse. Anaonanso kuti mtundu wa chisa ndi malo amene mbalame imamanga chisacho zimakhudza mpata woti itenge matendawa.

Tizilombo tina timasankha kwambiri. Ta gulu la Haemoproteus kawirikawiri timakhala m'mtundu umodzi wa mbalame kapena m'mbalame zapachibale. Mwachitsanzo, Haemoproteus columbae amadziwika mu nkhunda. Tina sitisankha: Plasmodium relictum wapezeka m'mitundu yambirimbiri ya mbalame pafupifupi padziko lonse. Mbalame zimene zakhala ndi tizilomboti kuyambira kalekale nthawi zambiri zimapirira, zimangokhala nato m'magazi osaoneka kudwala. Tsoka limagwera mbalame zomwe sizinakumanepo nato. Kuzilumba za Hawaii kunalibe udzudzu mpaka unafika pa sitima zapamadzi cha m'ma 1826. Malungo a mbalame atafikako pambuyo pake, anathandiza kufafaniza mitundu ingapo ya mbalame zakomweko.

Mbalame zinathandizanso anthu kumvetsa malungo. Mu 1898, ku Calcutta m'dziko la India, dokotala Ronald Ross anagwiritsa ntchito mbalame posonyeza kuti udzudzu ndiwo umasamutsa tizilombo kuchoka kwa wodwala kupita kwa wina. Analandira mphoto ya Nobel mu 1902.

Kusankha kumeneku ndiko kumatiteteza. Tizilombo ta mbalame sitingathe kukula m'magazi a munthu, choncho kugwira, kusosola kapena kudya mbalame sikupatsa munthu malungo. Malungo amene amapha ana ndi amayi apakati kuno ku Tete amabwera makamaka ndi Plasmodium falciparum, yemwe amachoka kwa munthu kupita kwa munthu kudzera mu udzudzu waukazi wa Anopheles, woluma usiku. Mwana akatentha thupi, musakayikire nkhunda za pakhomo kapena mpheta za kumunda. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayezedwe magazi, ndipo banja lonse lizigona m'masikito usiku uliwonse.