Kwa Mulungu Kaye: Mbiri ya Kufunafuna Machiritso ku Zingwangwa ndi Malokeshoni a Blantyre

Wansembe aliyense amene adatumikirapo ku Zingwangwa, ku Ndirande kapena ku Bangwe adziwa kuti kawirikawiri iye sakhala woyamba kuitanidwa kwa wodwala. Pofika iye ndi Mafuta Oyera, apeza kuti ena adadutsapo kale: pawindo pali botolo la madzi opemphereredwa, pachifuwa pa wodwala pali mphini zatsopano, ndipo kunsi kwa mtsamiro kuli buku la kuchipatala limene tsiku lake lobwererako lidapitirira. Akafunsa, a pabanja ayankha mosabisa kuti adayamba ndi mapemphero. Yankho limeneli ndi lokoma m'makutu mwa mbusa, komabe m'kati mwake muli nkhani yaitali. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri yake, kuti tione kumene chizolowezi chothamangira kwa Mulungu kaye chidachokera, pamene chidapulumutsa anthu, ndi pamene chidawataya.

Mafunso awiri a wodwala

Makolo athu ankasiyanitsa matenda a Mulungu, ndiye kuti ongodza okha, ndi matenda okhala ndi mwini wake: ochokera kwa mfiti, kwa mizimu yokwiya, kapena ku mdulo ndi tsempho. Motero munthu akagwa pamphasa, abale ankakhala ndi mafunso awiri. Loyamba: wadwala chiyani? Lachiwiri, limene linkawasowetsa tulo: chifukwa chiyani iyeyu, ndipo chifukwa chiyani tsopano? Pa funso lachiwirili ankapita kukaombeza ula, ankathira nsembe, ankaululirana zakukhosi. Kuchiritsa kudali ntchito yachipembedzo Uthenga Wabwino usanafike.

Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Nguludi mu 1903, ndiponso asisteri a Daughters of Wisdom atawatsatira mu 1904, adayamba msanga kutsuka zilonda ndi kugawa mankhwala. Ku Mua a White Fathers adatsekula malo osamalira akhate mu 1927. Ntchito imeneyi idali yachikondi chenicheni, ndipo zipatala monga cha Nguludi ndi cha Mlambe ku Lunzu ndi mboni zake. Koma tiyenera kuvomera kuti idayankha funso loyamba lokha. Lachiwiri lija lidaponyedwa m'dengu la zachikunja. Kuwonjezera apo, Sakramenti la odwala linkaperekedwa munthu ali kumapeto, kotero kuti akhristu ambiri ankati wansembe akalowa m'nyumba ndi Mafuta, ndiye kuti adzukulu akonzekere makasu.

Funso losayankhidwa silifa; limangosamukira kwina. Cha m'ma 1933 ndi 1934 kudabuka mchape, umene udayambira cha ku Mulanje ndi kufalikira mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika. Anthu a mudzi wonse ankandandalika, kuyang'anidwa pagalasi, kupereka nyanga ndi zithumwa zawo, ndi kumwa mankhwala ofiirira owatsuka ufiti. Pakati pa omwawo padali akhristu obatizidwa a mipingo yosiyanasiyana. Iwo sadaone ngati akukana Khristu: ankafuna chimene sadachipeze kumishoni.

Tauni ndi mantha ake

Dziko litalandira ufulu mu 1964, anthu adakhamukira ku Blantyre kuchokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Ntcheu ndi kwina. Zingwangwa, m'tsinde mwa phiri la Soche, idadzaza ndi ogwira ntchito m'mafakitale, alonda, ogulitsa malasha ndi achinyamata ofuna ganyu. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu, chidali chitatsekulidwa kale mu 1958, ndipo munthu wa ku Zingwangwa ankatha kukafikako wapansi. Tsono vuto silidali mtunda. Vuto lidali lakuti masautso a m'tauni ambiri sadali oonekera pa makina a dokotala: ulova, kusabereka, banja logwedezeka, mwamuna womwera malipiro ku kachasu, nsanje ya kuntchito. Kumudzi zoterezi zidali ndi eni ake, malume, ankhoswe ndi anyakwawa. M'lokeshoni munthu ankagona khoma limodzi ndi mlendo wosamudziwa mtundu.

Mantha adafika pachimake pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu ambiri adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'malokeshoni a Blantyre. Mbiri imakumbukira zoopsazi ndi dzina la Chilobwe, dera loyandikana ndi Zingwangwa. Mphekesera zidawanda zakuti magazi a ophedwawo akutumizidwa ku South Africa. Ngakhale Walla Laini Kawisa adagwidwa mu 1970 ndi kuweruzidwa, anthu adatsala ndi phunziro lowawa lakuti chitseko ndi loko sizikwanira.

M'nthaka yotereyi ndi mmene mudamera alaliki achinyamata a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, odzitcha obadwa mwatsopano. Rijk van Dijk, amene adawafufuza ku Blantyre ndi kulemba za iwo mu 1992, adaonetsa kuti ambiri adali anyamata ndi atsikana a sukulu kapena ongoyamba ntchito, ena ana enieni. Ankalalika m'misika, m'mabasi ndi m'mapiri, ankachezera usiku wonse m'mapemphero, ankasanjika manja pa odwala, ndipo ankalamula akuluakulu kuti atulutse zithumwa zawo zitenthedwe. Pa nthawi ya chipani chimodzi, pamene kutsutsa wamkulu kudali koopsa, mnyamata wonyamula Baibulo ankatha kuloza chala nkhalamba yokhwima. Mphamvu yawo idali yakuti sadaseke mantha a anthu. Adavomera kuti mdima ulipo, nalonjeza kuti Mzimu Woyera aupambana. Akatolika ambiri ankamva Misa m'mawa, madzulo nkupita ku mafeloshipu amenewa.

Chilonda cha m'nyumba mwathu

Tisaganize kuti nkhaniyi idali ya kunja kwa Eklezia kokha. Emmanuel Milingo, wobadwa mu 1930 ku Mnukwa pafupi ndi Chipata, adaphunzira ku Kasina ndi ku Kachebere monga ansembe athu ambiri. Adadzozedwa unsembe mu 1958, ndipo mu 1969 Papa Paulo VI adamudzoza ku Kampala kukhala Arkiepiskopi wa Lusaka. Mu 1973 adayamba kupempherera anthu ovutika ndi mashawe, ndipo posakhalitsa makamu adadzaza pakhomo pake. Ansembe ena, makamaka amishoni, adadandaula. Mu 1982 adaitanidwa ku Roma, ndipo mu 1983 adatula pansi udindo wake. Mathero ake tonse tiwadziwa: ukwati wa mu 2001, kuchotsedwa mu Mpingo mu 2006 atadzoza maepiskopi popanda chilolezo cha Apapa, ndi kuvulidwa unsembe mu 2009.

Mbiri imeneyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo wa m'seminale asasankhepo imodzi. Mbali ina ichenjeza wansembe kuti mphatso yopanda kumvera imadya mwini wake. Mbali inayo ifunsa Mpingo: nanga makamu aja, atachoka Milingo, adapita kuti? Bambo Matthew Schoffeleers, wa chipani cha Montfort, amene adatumikira ku chigwa cha Shire ndi kufufuza za Mbona, adalemba kuti m'maganizo a akhristu wamba, Khristu, mbusa ndi sing'anga amayandikana kwambiri. Kaya tifune kaya tisafune, wodwala akaona mkanjo wathu amayembekeza kuti tichitapo kanthu.

Edzi ndi chikho cha Chisupe

Wodwala Edzi woyamba m'Malawi adadziwika mu 1985. M'zaka khumi zotsatira, ogwira ntchito ku Gulupu ankabweza anthu kunyumba opanda mankhwala ochiza, ndipo mashopu okhoma mabokosi a maliro adachuluka m'misewu ya malokeshoni. Apa chipatala chidalephera ngakhale funso loyamba lija. Tsono kumayambiriro a 1995 mbiri idamveka yakuti Billy Goodson Chisupe, wa m'mudzi wa Chikamana pafupi ndi Liwonde, adaonetsedwa m'maloto mtengo wochiza Edzi. Ofufuza amati anthu ofika ngati 300,000 adapita kukamwa mankhwala akewo, amene anthu adawatcha mchape pokumbukira wakale uja. Malole ndi mabasi ankanyamuka ku Blantyre atadzaza. Chisupe sankalipiritsa, ndipo ankalangiza omwawo kuti aleke chiwerewere.

Mankhwalawo sadachize Edzi. Amene adali ndi kachirombo adabwera nako, ndipo ena, podziyesa ochira, adapatsira anzawo. Komabe kungowatcha anthuwo mbuli ndi kusamvetsa. Pa chikho chija padakumana mphunzitsi ndi mlimi, Mkatolika ndi Msilamu, ndipo palibe amene adafunsidwa kuti matendawo adawatenga kuti. Pa masiku amene wodwala Edzi ankanong'onedwa ngakhale pabwalo la tchalitchi, kusaweruzidwa kokhako kudali ngati mankhwala.

Yankho la Eklezia

Pang'onopang'ono Mpingo udayamba kubweza ngongole yake. Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri mu 1963 udaphunzitsa kuti Kudzoza si kwa ofa okha, ndipo mwambo watsopano wa mu 1972 udalibwezera Sakramentili kwa odwala. Maepiskopi a AMECEA mu 1973 ndi 1976 adakhazikitsa miphakati kukhala maziko a moyo wa Mpingo. M'lokeshoni, mphakati udalowa m'malo mwa mbumba imene munthu adaisiya kumudzi. Amayi a mphakati ndiwo ankazonda odwala, kuwatungira madzi, kuwaphikira phala ndi kuchezera nawo pa Korona. Mu Meyi 1989 Papa Yohane Paulo II adachita Misa pa bwalo la Njamba, kufupi ndi Zingwangwa. Ndi yemweyo amene mu 1992 adakhazikitsa Tsiku la Odwala la pa 11 Febuluwale. Kalata ya maepiskopi athu ya pa 8 Malichi 1992, imene Ambuye James Chiona adasaina pamodzi ndi anzawo, idadzudzula kuthithikana kwa odwala, kuchepa kwa madokotala ndi tsankho la m'zipatala. Apo Mpingo udanena poyera kuti kusowa mankhwala ndi nkhaninso ya chikhulupiriro.

Mu 2000 ofesi ya ku Roma yoyang'anira chiphunzitso idatulutsa malangizo a mapemphero a machiritso. Idavomereza kuti kupempha kuchira ndi chinthu choyenera, idaika mapempherowa pansi pa ulamuliro wa episkopi, ndipo idakumbutsa kuti pemphero silichotsa mankhwala koma limalimbikitsa kuwagwiritsa ntchito. Malangizowa adadza pa nthawi yake, pakuti mu 2004 boma lidayamba kugawa ma ARV aulere. Kuyambira pamenepo chiyeso chidasintha nkhope. Kale munthu ankathamangira kwa mneneri chifukwa mankhwala kudalibe. Tsopano ena adayamba kuuzidwa kuti kumwa mankhwala ndiko kukayika Mulungu. Anamwino ndi ansembe a m'malokeshoni adaika m'manda anthu amene akadakhala moyo, atataya mabotolo awo pambuyo pa usiku wa mapemphero.

Zimene mbiriyi itiphunzitsa

Malembo Oyera sakangana pa nkhaniyi monga ena aganizira. Buku lachiwiri la Mbiri, mutu 16, lidzudzula mfumu Asa chifukwa pa nthenda yake ya mapazi adadalira asing'anga osafuna Chauta. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, lilangiza wodwala kuti apemphere, alape, apereke nsembe, kenaka aitane sing'anga, popeza nayenso ndi wolengedwa ndi Mulungu. Kalata ya Yakobe, mutu 5, iitanitsa akulu a Mpingo ndi mafuta. Mulungu ndi woyamba ndithu, koma woyamba monga mutu wa ulendo, osati monga chipata chotseka njira. Muyeso wa pemphero lililonse la machiritso nawu: likatha, wodwala limamtumiza kuti? Ngati limtumiza kukayezetsa, kukayanjana ndi mkazi wake, kukaulula machimo ake, ndi la Mzimu. Ngati limtumiza kukataya mankhwala, kukaloza agogo ake ufiti, kapena kukagulitsa mbuzi kuti agule madzi odalitsidwa, si la Khristu, ngakhale dzina lake litchulidwe kambirimbiri.

Abale anga mu unsembe, ndi inu amene mukukonzekera, mbiri ya zaka zoposa zana itiuza kuti anthu athu sadzaleka kuyamba ndi Mulungu, ndipo sitiyenera kuwaletsa. Mchape, alaliki a m'misika, makamu a Milingo ndi chikho cha Chisupe zonse zidakula pamalo pamene ife tidafika mochedwa kapena tidayankha mwachidule. Mayi wa ku Zingwangwa akadzagogoda pakhomo la parishi usiku, nanena kuti mwana wake walodzedwa, pali njira ziwiri zomutayira. Yoyamba ndi kumuseka ndi kumuuza kuti ufiti kulibe. Adzatuluka ndi kukwera phiri la Soche kwa wina womumvera. Yachiwiri ndi kumuvomera zonse ndi kusanduka mlauli wovala kolala. Njira ya mbusa ndi yotopetsa koposa: kukhala pansi, kumva funso lake lachiwiri lija mpaka kumapeto, kupita kunyumbako, kupemphera ndi kusanjika manja, kuitana a mphakati, ndipo kukacha kuonetsetsa kuti mwanayo wafika kuchipatala, ngakhale pa galimoto la parishi.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Odwala athu adatsekula kale. Chatsala ndi chakuti, pakati pa onse odzalowa pa chitsekocho, wansembe asakhalenso womaliza.