Mantha a pa tee yoyamba m'masewero a gofu

Mantha a pa tee yoyamba ndi nkhawa imene imagwira wosewera gofu akayimirira kuti amenye mpira wake woyamba wa tsikulo. Tee ndi malo osalazidwa pomwe masewero a dzenje lililonse amayambira, ndipo dzina lomweli limatanthauzanso kachikhomo ka mtengo kapena ka pulasitiki kamene amakhazikapo mpira. Masewero athunthu amakhala ndi maenje 18, koma ndi poyambira dzenje loyamba pomwe osewera ambiri, makamaka ongosewera mwachisangalalo, amakumbukira kuti mawondo adagwedezeka.

Gwero la manthawa

Chifukwa chachikulu ndi maso a anthu. M'mabwalo ambiri tee yoyamba imakhala pafupi ndi nyumba ya kalabu, choncho wosewera amaonedwa ndi anthu okhala pakhonde, magulu odikira nthawi yawo, komanso onyamula zikwama za ndodo, amene kawirikawiri amadziwa bwino masewerowa kuposa owalemba ganyu. Mwambo wa gofu umafuna kuti munthu akamamenya, onse akhale chete ndi kuleka kuyenda. Bata limeneli ndi ulemu, koma kwa wamantha limangomukumbutsa kuti aliyense akuyang'ana iye.

Chachiwiri, mu gofu mpira umakhala uli phee. Wosewera mpira wamiyendo amachita zinthu mothamanga, alibe mpata wosinkhasinkha. Wa gofu ali ndi nthawi yokwanira yoganiza za mitengo ya kumanzere, udzu wautali wa kumanja ndi manyazi amene angamugwere. Chachitatu, thupi limakhala lisanatenthe, ndipo ndodo imene ambiri amayambira, yotchedwa driver, ndiyo yaitali kwambiri komanso yovuta kuiwongolera.

Munthu akachita mantha thupi limatulutsa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umafupika, m'manja mumatuluka thukuta ndipo minofu imakungika. Zotsatira zake, wosewera amafinya ndodo mopitirira ndi kuikoka mwaphuma. Mpira wa gofu ndi waung'ono, pafupifupi mamilimita 43 m'mimba mwake, motero nkhope ya ndodo ikangopendekeka pang'ono mpirawo umathera kutchire.

Zimene malamulo amanena

Malamulo a gofu amasungidwa ndi mabungwe awiri, R&A ya ku St Andrews m'dziko la Scotland ndi USGA ya ku America. Angapo mwa malamulowa amakhudza mwachindunji zolakwa zobwera ndi mantha.

Mpira ukagwa pakachikhomo wosewera asanayambe kumenya, ngakhale ataugunda yekha mwangozi pokonzekera, palibe chilango: amangoubwezera. Koma akakoka ndodo n'cholinga chomenya, n'kuphonya mpira wonse, kumenyako kumawerengedwa. Mpira ukatuluka kunja kwa malire a bwalo, kapena ukasowa osapezeka m'mphindi zitatu, wosewera amawonjezeredwa kumenya kumodzi ndipo amabwereza pamalo omwewo, kotero kuti kumenya kotsatirako kumakhala kwachitatu. Mphindi zofufuzira mpira zidali zisanu mpaka mu 2019 pomwe malamulo adasinthidwa.

Pampikisano, wofika pa tee mochedwa ndi mphindi zosapitirira zisanu amalandira chilango, ndipo wopitirira apo amachotsedwa. Pali chizolowezi china chotchedwa mulligan, pomwe anzake amalola munthu kubwereza kumenya koyamba popanda kuwerenga. Ichi n'chifundo cha pachinzake chabe, m'malamulo mulibe, ndipo pampikisano n'choletsedwa.

Akatswiri nawo sawasiya

Chitsanzo chodziwika ndi cha Rory McIlroy. Mu 2019 mpikisano wa The Open udachitikira pa Royal Portrush, kwawo ku Northern Ireland, koyamba chichokereni 1951. McIlroy ankalidziwa bwino bwaloli: ali ndi zaka 16 adalizungulira ndi kumenya 61 kokha. Komabe pa 18 July, pamaso pa khamu la kwawo, mpira wake woyamba udatuluka kunja kwa malire chakumanzere. Dzenje loyenera kumalizidwa ndi kumenya kanayi adalimaliza ndi 8, ndipo tsikulo adatsiriza ndi 79. Mawa lake adasewera mwaluso, 65, koma adaperewera ndi kumenya kumodzi kuti apitirire m'masiku awiri otsiriza.

Tiger Woods naye, mu mpikisano wa Ryder Cup wa 2006 ku Ireland, mpira wake woyamba adauponya m'madzi.

M'mabwalo a m'Malawi

Gofu idafika m'dziko muno ndi azungu m'nthawi ya atsamunda, ndipo mabwalo ake adakhazikika m'matauni ndi m'madera a minda ikuluikulu ya tiyi ndi nzimbe. Bwalo la Lilongwe Golf Club lili ndi maenje 18. Ena, monga a ku Blantyre, Limbe, Mulanje, Nchalo ndi Dwangwa, ndi a maenje 9, ndipo wofuna masewero athunthu amazungulira kawiri. Wotereyu amabwerera pafupi ndi khonde la kalabu kukayamba chigawo chachiwiri, koma apo thupi limakhala litatentha ndipo mtima utakhazikika.

Popeza osewera m'makalabu otere ndi ochepa ndipo amadziwana, oonerera sakhala alendo. Amakhala anzake a kuntchito, mabwana, ngakhale ochita nawo malonda. Kwa woyamba kumene, kuopa kusekedwa ndi anthu amene adzakumana nawonso Lolemba n'kokwanira kumubweza kuti asalowe mpikisano.

Njira zochepetsera mantha

Aphunzitsi a gofu amalangiza kufika msanga ndi kumenyako mipira ingapo pamalo oyeserera. Amalimbikitsanso kukhala ndi ndondomeko imodzi yosasintha: kuyima kumbuyo kwa mpira, kusankha chinthu chimodzi cholunjikapo monga mtengo wakutali, kupuma mozama, kenako kumenya mosazengereza. Malamulo nawo amalimbikitsa kuti munthu asapitirire masekondi 40. Amene driver imamuvuta angathe kutenga ndodo yofupikirapo mwa ndodo 14 zimene amaloledwa kunyamula, pakuti mpira wogwera pafupi koma pamalo abwino umaposa wopita kutali n'kukasowa.

Kawerengedwe ka masewerowa nakonso kamateteza wofooka. Dongosolo la handicap, lomwe kuyambira 2020 lidayamba kukhala limodzi padziko lonse ndipo limafika pa 54, limapatsa wophunzira mwayi wopikisana ndi waluso. Mipikisano yambiri ya m'makalabu imatsata njira ya Stableford, imene Dr Frank Stableford adayambitsa ndipo idagwira ntchito pampikisano ku Wallasey, England, mu 1932. M'njira imeneyi dzenje lililonse limapereka mapointi akeake, choncho wolakwitsa dzenje loyamba amangopeza ziro pamenepo, n'kukayamba mwatsopano pa lachiwiri.

Pakhadi yolembapo zigoli, kumenya kwa pa tee yoyamba kumawerengedwa kamodzi, chimodzimodzi ndi kakumenya kakang'ono kolowetsa mpira m'dzenje lotsiriza. Wongosewera mwachisangalalo amene amazungulira bwalo ndi kumenya 90 amakhala atatsala ndi 89 akachoka pamenepo.